Fonte Yanga ndi Mabatire a Alamu

Amayi a kutchalitchi amandiuza kuti ndiwakhululukire alamu anga, ati zidapita kale. Ndimavomera, pajatu ndine Mkhristu. Lamulungu ndimawakhululukira ndithu. Koma likafika Lolemba, ndikamadutsa pa ofisina yawo yokonzera mota, njinga zamoto zija, popita kuntchito, mtima umandiuza kuti iwe, usadzinamize. Alamu amenewa ndi akulu awo a malemu amuna anga. Adandilanda chinthu chimene ndidapanga ndi manja angawa, ndipo adachilanda anthu akuseka.

Chinthucho mutachiona mukhoza kundiseka inunso. Ndi kabokosi kachitsulo kotuwa, kukula kwake ngati njerwa ziwiri zogundana. Kamakhala m'mimba mwa kompyuta, ndipo ntchito yake n'kulandira magetsi a pakhoma n'kuwachepetsa ukali kuti asawotche zam'katimo. Kuno ku Milange timangoti fonte.

Ine ntchito yanga ndi yosesa pa ofesi ina pano pa vila, m'tauni mwathu muno. Koma manja anga adakulira pa mawaya. Bambo anga ankakonza mawailesi pa msasa wa othawa nkhondo, tsidya la Ruo, ndipo poti mwana wamwamuna adalibe, wowagwirira mawaya ndidali ine. Nkhondo itatha tidabwerera kwathu ndi miphika, mabulangete, kamita koyezera moto ndi kachitsulo kowotcherera mtovu. Pomwalira, ziwiri zomalizazo adasiyira ine. Sindidazisandutse bizinesi ayi. Ena akaweruka amaluka zoyala patebulo, ine ndimakhala pakhonde n'kumatokosa tochi yakufa kapena kawailesi kosiya kulankhula. Vuto langa lidali limodzi: chilichonse chimene ndakonza chimafuna moto woyesera, ndipo mabatire a tochi amatha ngati shuga.

Tsiku lina kuofesi kudafa kompyuta, ndipo adaiponya kuseri pamodzi ndi mipando yothyoka. Ndidali nditaonerapo pafoni munthu wina akusandutsa fonte kukhala chogawira moto cha patebulo, ndiye ndidapita kwa akuluakulu kukapempha. Adandiyang'ana ngati ndapempha mutu wa galu, koma adandipatsa.

Ndidayamba ndaisiya pakona masiku angapo osaikhudza. Muli timigolo tina m'menemo timene timasunga moto ngakhale mutazula pakhoma, ndipo tikakuluma suiwala. Kenaka ndidaitsegula, n'kupemerera fumbi ndi mazira a mphemvu, n'kudula mitu yonse yapulasitiki imene inkalowa m'kompyuta. Padatsala mtolo wa mawaya ngati mchira wa ng'ombe: akuda, ofiira, achikasu, amtundu wa lalanje, ndi kamodzi kobiriwira kokhala kokha. Kobiriwirako ndiye kiyi. Mukakagunditsa ndi wakuda, fonte imadzuka. Ndidagunditsa. Fani yake yoziziritsa m'kati idangoti nyomi n'kuima. Ndidagunditsanso, chimodzimodzi. Ndidatsonya, n'kuitukwana, n'kupita kukaphika.

Amuna anga ankaonerera zonsezi ali chapatali. Adali munthu wofatsa, wonyamula nandolo ndi nyemba panjinga kuwolotsa malire kupita ku Muloza, ndipo magetsi ankawaopa kuposa njoka. Babu likafa m'nyumba, wokwera pampando ndidali ine, iwo n'kumagwira mpando. Nditawauza kuti fonte yakaleyi imakana kugwira ntchito ikakhala kuti palibe chimene ikudyetsa, ndipo ikufuna kababu koti kazidya moto pang'ono nthawi zonse, adakwera njinga osanena kanthu. Adabwera ndi babu la mota m'thumba la shati. Adakalipempha ku ofisina ya akulu awo aja. Kumbukirani zimenezi, babulo lidachokera kwa alamu.

Ndidalilumikiza pakati pa waya wofiira ndi wakuda, n'kugunditsanso kobiriwira kaja. Fani idazungulira, n'kupitiriza kuzungulira. Babu lidangoti psuu, ngati khala lophimbidwa ndi phulusa, chifukwa lidapangidwira moto wochuluka kuposa umene linkalandira. Ndidavina, abale, ndidavina pakhonde masana dzuwa likuswa mtengo, amuna anga akuwomba m'manja atatalikira.

Pepala la pambali pake lidali litafufutika kalekale, ndiye mtundu uliwonse ndidauyeza ndekha ndi kamita ka bambo anga. Wachikasu udapereka mavolti khumi ndi awiri, amene ife timangoti dozi. Wofiira udapereka asanu, sinku. Walalanje udapereka atatu ndi kadontho. Wakuda ndiye njira yobwerera, imene amakanika amati masa. Ndidamanga mawaya amtundu umodzi pamodzi, n'kuwawotcherera ku mabauti anayi amene ndidaboola pathabwa. Thabwalo ndidalimangirira pamwamba pa bokosi, babu lija pakona pake, kaswitchi ka waya wobiriwira pambali. Bauti lililonse ndidalipaka penti wa mtundu wa mawaya ake. Sindidalembepo kanthu. Ndikanalembera ndani, poti mwini wake ndidali ine?

Chidali chinthu chokongola, ndikunena osachita manyazi. Pa sinku ndinkatchajira mafoni ndi kuyesera timawailesi. Pa atatu ndinkayesera matochi. Pa dozi, pa bauti lachikasu, amuna anga adapezapo chawo. Adali ndi wailesi ya m'galimoto imene adapatsidwa ndi dalaivala wina pamalire, ndipo idakhala zaka pamwamba pa kabati yosalankhula chifukwa tidalibe batire. Nditailumikiza, n'kuyamba kuimba, bambowo adakhala pansi n'kumangoti, "Mayi, inu ndinu oopsa. Ndidakwatira injiniya osadziwa."

Atayamba kudwala, fonteyo idachoka pakhonde n'kukakhala pampando pafupi ndi bedi. Adadwala kuyambira nthawi yokolola mpaka mvula yoyamba. Mpira ankamvera pamenepo, nyimbo za kwaya pamenepo, uthenga wa maliro a anthu ena pamenepo. Masiku omaliza makutu adatopa ndi wailesi, koma ankandiuza kuti ndisazimitse bokosi, ati kulira kwa fani kumawagonetsa. Adatisiya fani ikuzungulira. Alamu aja pa matenda onsewo adabwera kangati? Ndingawerenge pa dzanja limodzi, zala n'kutsalako.

Koma tsiku losudzula adafika m'mamawa, atavala jekete. Mwambo wathu mukuudziwa. Nyumba ndi ana n'za kuchikazi, koma katundu wa mwamuna amabwerera kwawo, ndipo ankhoswe ndi amene amagawa, kenaka namfedwa amamasulidwa. Ine sindidatsutse. Njinga adatenga, nsapato adatenga, matumba a nandolo, jekete laukwati, wailesi ya m'galimoto ija. Zonsezo zidali za malemu, ndidangozitsanzika ndi maso. Kamita ndi kachitsulo ka bambo anga ndidali nditazimangirira kale m'chiuno, m'kati mwa kapulana, chitenje changa, poti fisi ndimamudziwa mayendedwe ake.

Kenaka ndidaona alamu akutuluka m'chipinda, fonte yanga ili m'khwapa, chingwe chikukwekwereka pansi.

"Alamu," ndidatero, "icho si cha malemu. Ndidapanga ndine."

Adaima pakati pa bwalo n'kuyang'ana anthu, osati ine.

"Mwamva? Ati adapanga ndi iwowa." Adaseka. "Alamu, musatichititse manyazi pa mwambo. Chamawaya n'chamwamuna. Mkazi adayamba wapanga magetsi kuti? Ndipo babu ili ndikulidziwa, mng'ono wanga adadzalitenga kwa ine ndi manja ake."

Ankhoswe a kuchimuna, bambo wina wa mimba yake wokhala ndi mota yofiira, adawonjezera moto. "Mwina ankamugwirira nyali malemuyo akamapanga," adatero, ndipo bwalo lonse lidaseka. Ndidatembenukira kwa amalume anga, amene adachokera kumudzi kwathu njira ya ku Molumbo kudzandiimira. Iwo adandigwira pamkono n'kunong'ona kuti, "Khala chete, mwana wa mlongo wanga. Mabokosi ndi ambiri. Tisayambane ndi anthu chifukwa cha chitsulo." Ha! Mbale wako weniweni, magazi amodzi. Ankhoswe adaweruza kuti bokosi lipite ndi alamu, ndipo adadutsa n'kuyamba za nsapato.

Ndidalira tsiku limenelo, koma osati misozi ya maliro. Idali misozi yotentha, ya munthu wofuna kuluma.

Pomangirira katundu pa mota yawo, alamu adayamba kuonetsera anzawo. Adagogoda bauti lofiira ndi chala. "Apa ndiye pa dozi," adatero. Adagogoda lakuda. "Apa pa masa. Ndikaika pa ofisina, mabatire onse a m'tauni muno azidzadzira kwa ine."

Pakamwa panga padatseguka pokha. Ndi chizolowezi, munthu akalakwitsa waya umamuuza asanapse. Mawu adafika pa lilime: ayi alamu, pofiirapo ndi pa sinku, dozi ili pachikasu. Ndidawameza. Ndidatseka pakamwa n'kuwerama ngati namfedwa waulemu, ndipo m'kati mwangamu china chake chidakhala pansi n'kupinda miyendo.

Sindikuwanena kuti ndi mbuli alamu angawo. Injini ya mota amaimasula n'kuibwezera atatsinzina. Koma moyo wawo wonse akhala akuona batire la mota, ndipo pa batire waya wofiira ndiye wa dozi, wakuda ndi wa masa, basi. Adalibe chifukwa choganizira kuti opanga makompyuta ali ndi malamulo awoawo. Kamita alibe. Moto amayesa pokhwekhweretsa mawaya kuti aone ngati akuthetheka. Ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Sabata imeneyo ndinkasesa kuofesi mutu uli pa mawaya. Ndidaziyala bwinobwino. Madzi sakwera phiri. Batire la mota, ngakhale lofooka, lili ndi mphamvu kuposa bauti la sinku. Akangolilumikiza pamenepo, fonte idzaona kuti kwabwera moto wachilendo woposa wake, ndipo idzadzizimitsa yokha, pajatu idapangidwa yochenjera. Ndiye batire lidzatsala ndi njira imodzi yokha yotulutsira moto wake, kudzera m'babu lija. Babu lidzadya batire. Ndidadziwanso kuti timigolo tam'kati tikhoza kutupa ndi moto woposa muyeso, ndipo zimenezo zidandipweteka mumtima, chifukwa bokosilo ndinkalifuna lamoyo. Koma ndidaona kuti njira ina yolibwezera kwathu palibe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndidadutsa pa ofisina Loweruka lake, dengu la masamba lili pamutu. Abale inu! Fonte yanga idali pa alumali, ataipukuta, ataiyalira kansalu. Pansi pake padali batire la mota, mawaya ake atakoleka pofiira ndi pakuda. Fani idali zii. Babu lija, limene kwathu linkangoti psuu, lidali ngwee ngati nyali ya kutsogolo. Alamu adali pakati pa anyamata a kabaza akuphunzitsa.

"Mwaona? Fani ikangoima, babu n'kuwala chonchi, ndiye kuti moto wonse wasiya zina n'kulowa m'batire. Likayamba kuzilala, ndiye kuti batire lakhuta."

Adandiona. "Alamu! Bwerani mudzaone m'mene amagwiritsira ntchito amuna."

"Eee, zoona alamu?" ndidatero, dzanja lili pakamwa. "Nzeru zake! Ife kwathu linkangofiira basi."

"Simunkadziwa kaseweredwe kake," adatero.

Ndidafika kunyumba nthiti zikuwawa. Ndidatseka chitseko kuti aneba asaone namfedwa akugubuduka pamphasa ndi phwete.

Mudzafunsa kuti bwanji anthu sadazindikire msanga. Mota imalira ndi kiki yoponda ndi phazi ngakhale batire litafa, ndipo ikayenda imalibwezera kamoto pang'ono. Mnyamata akadandaula kuti hutala sikulira, sitata yangoti kete, alamu ankamuuza kuti batire lako ndi lokalamba, bweranso nalo mawa ligonere tsiku lonse. Linkabwera n'kugoneradi. Batire ukalikama mpaka pansi kawirikawiri, limafa imfa yosadzukanso.

Anyamata a kabaza sindidawatume ine, adapita okha. Amene ndidawatuma ine adali awiri okha, ankhoswe ndi amalume. Ankhoswe aja ndidakumana nawo pamsika akukankha mota yawo yofiira, thukuta lili kamukamu, poti bondo lawo silifuna kiki. Ndidagwada mwaulemu wonse.

"Pepani bambo, mukuvutikiranji chonchi? Alamu ali ndi makina a malemu aja, amene mudagawa inu nomwe. Akuti batire limatuluka ngati latsopano."

Adandithokoza, mpaka adati ndine mkazi wopanda mangawa.

Amalume ndidawaimbira foni. Ali ndi batire lalikulu la sola limene amaunikira nyumba ndi kuonerera mpira, ndipo nyengo ya mitambo limawavuta. Ndidawauza kuti chitsulo chija mudati tisayambanirane chikuchita zodabwitsa kuno. Adalimangirira panjinga, n'kupalasa msewu wamatope uja kuchokera kumudzi, n'kudzalisiya kwa alamu. Poti lidali lalikulu, alamu adati likhale masiku angapo kuti likhute bwino. Lidakhaladi mpaka babu lidazilala.

Apa ndiye zidatsala pang'ono kundipitirira. Mabatire atafa ambiri, anthu sadanene kuti makinawo ndi olakwika. Adayamba kunong'ona kuti bokosi la malemu likuyamwa moto. Kuno kwathu mawu oti kuyamwa kapena kupopa sitisewera nawo, anthu amatola miyala asanafunse. Tsiku lina masana ndikukolopa pakhonde la ofesi, mayi wina wogulitsa nthochi adabwera akuthamanga.

"Siyani chikolopacho! Kwa alamu anu kwadzaza anthu. Akuti aliphwanye bokosi lija n'kulitentha."

Ndidathamanga ngati mtsikana, nsapato m'manja. Njira yonse ndinkangoti Mulungu wanga, ndaphetsa chinthu changa ndekha.

Ndidapeza mota zili mbwee mpaka mumsewu. Fonte adali ataitsitsa pa alumali n'kuiika pa chitsa, chingwe chake chikadali pakhoma. Mnyamata wina wamtali wa kabaza adali ataimirira pamwamba pake ndi nyundo yaikulu ya alamu omwewo. Ankhoswe adalipo, amalume adalipo, batire lawo lili pamapazi ngati mbuzi yakufa. Alamu adali atapanikizidwa pakhoma, jekete palibe, milomo ili gwaa. Atangondiona adakuwa.

"Awo! Funsani awo! Chidachokera m'nyumba mwawo chimenechi!"

Anthu onse adatembenuka. Maso anga adali pa nyundo, ndipo thupi lonse linkafuna kudzigwetsa pa bokosilo. Koma ndidadziuza kuti ukalitchinga tsopano, ulipulumutsa lili la malemu, ndipo mawa alitenganso. Ndidavala nsapato zanga pang'onopang'ono, imodzi, kenaka inzake.

"Ine, alamu? Ndingadziwe chiyani ine? Chamawaya n'chamwamuna."

"Musatero alamu, anthuwa andipha!"

"Ndi katundu wa mng'ono wanu. Ankhoswe ali apawa adagawa. Ine ndinkangogwira nyali."

Mnyamata uja adakweza nyundo. Ine pakamwa ndidatseka ndithu. Alamu adayang'ana nyundo, n'kuyang'ana miyala imene ena adali atatola kale, ndipo adadziwa kuti bokosi likatha, otsatira ndi iwo.

"Adapanga ndi iwowa!" adakuwa. "Mng'ono wanga sankagwira n'komwe waya, ankaopa! Adapanga ndi alamuwa!"

"Sindidamve bwino, kuli phokoso," ndidatero.

"Ndati mudapanga ndinu!"

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Ndidapita pachitsa n'kuika dzanja langa pathabwa, pansi pa nyundo penipeni. "Achimwene, tsitsani kaye," ndidamuuza mnyamatayo. "Mulibe mzimu umu. Ndikuonetsani chimene chadya mabatire anu."

Ndidazula pulagi pakhoma n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense aione. Ndidapempha batire lamoyo, ndipo wina amene adangofika kumene adamasula la pa mota yake. Ndidauza alamu kuti alumikize okha, m'mene amachitira masiku onse. Adakoleka pofiira ndi pakuda. Babu lidati ngwee.



"Pulagi ndi iyi, ili m'manja mwangamu," ndidatero. "Magetsi a pakhoma sakulowa. Nanga moto ukuwalawu ukuchokera kuti?"

Mnyamata wa nyundo uja ndiye adayamba kuzindikira. "Ukuchokera m'batire," adatero chapansipansi. Kenaka mokweza: "Ukuchokera m'batire! Mdala ameneyu wakhala akuunikira ofisina yake ndi mabatire athu, masana!"

Wina adaseka, wina n'kuseka, mpaka miyala idagwa m'manja. Ndidawafotokozera mwachidule kuti pofiira pa bokosi ili si pofiira pa mota, kuti pamenepo moto ndi wochepa ndipo batire limathira m'malo molandira. Kuseka kutatha kudabwera ukali wina, wa anthu amene akudziwa tsopano woti amugwire. Adawazungulira alamu aliyense ndi batire lake m'manja. Ine zimenezo sizidandikhudze. Ndidatembenukira kwa ankhoswe.

"Bambo, mudagawa ndinu pamaso pa anthu. Ine sindingatenge chinthu mwakuba. Gawaninso, anthu ndi awa."

Adayang'ana mota yawo yofiira, imene tsopano idalibe ngakhale hutala. "N'cha mayiwa," adatero. "Tidalakwitsa."

Amalume adandiyandikira n'kuyamba kuti, "Mwana wa mlongo wanga, ukanandiuza ine mbale wako." Ndidawagwira pamkono pomwe paja adandigwira ine. "Khalani chete amalume," ndidatero. "Mabatire ndi ambiri."

Ndikukulunga fonte m'kapulana, alamu adapeza mpata n'kundinong'oneza, ati, "Alamu, nanga dozi ili pati?" Taonani munthu! Madzi afika m'khosi koma akufunabe kuba nzeru. Ndidawayankha kuti akafunse amuna anzawo. Sindidawauze kuti ili pachikasu. Sindidawauzenso kuti ngakhale akanalumikiza pachikasupo batire silikanakhuta, chifukwa kuti lidzaze limafuna moto woposa dozi pang'ono. Bokosilo silidapangidwire ntchito imeneyo n'komwe. Ndidaliberekera kumbuyo ngati mwana n'kudutsa pakati pa msika, ndipo amene ankafunsa ndinkawauza zonse, osasiyako.

Kunyumba ndidalisiya lipume masiku angapo ndisanalitsegule. Zimene ndinkaopa zidachitikadi. Kamgolo kamodzi ka mbali ya sinku kadali katatupa pamutu n'kutuluka zonyansa zofiirira. Ndidakachotsa ndi kachitsulo ka bambo anga, n'kuikapo kena kochokera m'wailesi yakufa. Ndidalumikiza pakhoma, n'kukhudza kaswitchi. Babu lidati psuu, mwaulemu wake wakale. Fani idayamba kuzungulira.

Kulira kwa faniyo sindidakukonzekere. M'nyumba monse mudadzaza masiku aja a matenda, fungo la mankhwala, bambo aja akuti musazimitse mayi, ndigone kaye. Ndidayang'ana bauti lachikasu. Padalibe cholumikizapo, poti wailesi idapita kwawo, ndipo idapita mwachilungamo. Ndidakhala pansi pomwepo n'kulira maliro amene alamu adandisokonezera tsiku losudzula. Ndidalira mpaka kukhuta, fani ikuzungulira.

Nditapukuta m'maso ndidaona kamgolo kotupa kaja kali patebulo, timiyendo take tiwiri tawaya tili m'mwamba. Ndidakatola kuti ndikataye kudzala, koma ndili pakhomo ndidasintha maganizo. M'mawa mwake popita kuntchito ndidaima pa ofisina. Mudali mopanda anthu, mota imodzi yokha, ndipo alamu adali atakhala pa chitsa chija akuyang'ana mulu wa mabatire akufa amene adalonjeza kubweza. Ndidawapatsa moni waulemu, n'kufunsa za kunyumba, n'kumasula mfundo ya kapulana. Kamgolo kaja ndidakaika m'dzanja lawo n'kuwapinditsa zala.

"N'chiyani ichi, alamu?"

"Gawo lanu," ndidatero. "Kali ndi mawaya."